Makina a mpweya tinatumiza aja anafa, ndipo tinawapha ndife

Ambiri a inu munali kusekondale mu Januwale 2021, mukuphunzirira pa kompyuta kuchipinda chifukwa masukulu kuno ku Britain anali otseka. Mwina mukukumbukira makolo anu ali pafoni usiku wonse, nkhope zili ndwii. Kumudzi kunali kutaipa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma la Malawi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. M'zipatala anthu ankatsirizika akupempha mpweya.

Ife ankolo ndi maanti anu tinachita zimene timazidziwa bwino. Tinatsegula gulu la WhatsApp, tinasonkha. Anamwino ogwira usiku, osamalira okalamba, oyendetsa mataxi, aliyense anaponyamo kangachepe. Tinagula makina asanu ndi limodzi opangira okosijeni, tinaima pambali pake n'kujambulitsa, kenako tinawatumiza ku chipatala china chaching'ono chakwathu. Chithunzicho chinayenda pa Facebook, anthu n'kutiyamika.

Patapita zaka ziwiri ndinapita kukamanga chiliza cha mayi anga, ndipo ndinapatukira pachipatala paja ndili ndi kamtima kofuna kuthokozedwa. Mmisiri wa zipangizo, mnyamata wosiyana nanu pang'ono msinkhu, ananditsegulira kachipinda kakuseri. Makina anayi anali pakona atasanjikizana, akangaude atamangapo. Anayatsa amodzi. Analira bwinobwino, mpweya n'kumatuluka. Ndinafunsa kuti nanga vuto n'chiyani. Iye anati, "Achikulire, injini ndi yamoyo. Chinafa ndi mwala wa m'kati. Unamwa chinyezi."

Ine amene ndinatsogolera msonkhemsonkhe uja sindinkadziwa kuti m'makinamo muli mwala. Ndikukhulupirira kuti pagulu lathu lonse panalibe ankadziwa. Nkhani ya mwala umenewu ndi imene ndikufuna tikangane lero, chifukwa umbuli wathu uja tayamba kukusiyirani ngati chuma chamasiye.

Mpweya umene tonse timapuma ndi wosakanikirana. Pa magawo 100 alionse, 78 ndi nayitrojeni, 21 ndi okosijeni, kotsalako ndi argon ndi tina tochepa. Zili choncho ku London, zili choncho ku Nsanje. Munthu wodwala chibayo, kapena khanda lobadwa masiku osakwana, mapapo ake amalephera kutapa mokwanira pa 21 uja, n'chifukwa chake amafunika mpweya woti okosijeni achulukemo. Ntchito yonse ya makina aja ndi kuchotsamo nayitrojeni basi.

M'kati mwake muli zitini ziwiri zazitali zodzaza ndi timikanda toyererako, tating'ono ngati njere za mawere. Timikandato ndi zeolite, mwala wa aluminium, silicon ndi okosijeni, umene m'kati mwake muli timabowo tondondozana ngati chisa cha njuchi. Pakamwa pa kabowo kalikonse sipakwana nanomita imodzi, ndipo nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Makoma a timabowoto ndi ochuluka moti a mu galamu imodzi yokha, mutawayala pansi, angakute masikweya mita mazanamazana.

M'mabuku amautcha sefa, koma pa ntchito iyi musaganize za sefa ya ufa ija agogo anu amagwiritsa ntchito. Nayitrojeni ndi okosijeni sasiyana kwenikweni kukula, onse amalowa m'timabowomo. Fanizo loyenera ndi ulimbo umene ana akumudzi amakolera mbalame. Pamakoma a timabowoto pamakhala tizidutswa ta lithium kapena sodium tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tomwe timakoka nayitrojeni mwamphamvu kuposa okosijeni. Kompuresa ikakankhira mpweya m'chitini choyamba, nayitrojeni amamatirira, okosijeni n'kutulukira mbali inayo kupita kwa wodwala. Pakangopita masekondi ochepa chitinicho chimakhuta. Apo valavu imatembenuzira mpweya ku chitini chachiwiri, choyamba chija n'kuphwetsedwa, nayitrojeni n'kumasuka kubwerera panja. Kaphokoso ka phuu, phuu kamene makinawa amachita ndi kusinthana kumeneku. Chofika kwa wodwala ndi mpweya wa okosijeni wa pakati pa 90 ndi 96 peresenti. Njira yosinthanitsa zitiniyi anailembetsa Charles Skarstrom wa ku America mu 1960, ndipo mafakitale a okosijeni a pazipatala zambiri zazikulu amayendera njira yomweyi.

Dzina loti zeolite analipereka Axel Cronstedt wa ku Sweden mu 1756, ataona kuti mwalawu ukawotchedwa umatulutsa nthunzi ngati ukuwira. Chimene anaonacho ndicho chinapha makina athu. Zeolite amakonda madzi kuposa mmene amakondera nayitrojeni, ndipo akawagwiritsitsa sawataya pokhapokha atatenthedwa pa madigiri mazana angapo. Mpweya wa dzinja kwathu, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, ndi wachinyezi chokhachokha. Makina akamayenda mosadukiza amadzitsuka okha pang'onopang'ono. Akamazimazima chifukwa cha magetsi, kapena akakhalitsa osayatsidwa, chinyezi chimalowerera mpaka timabowo tonse kudzaza. Onjezerani fumbi la Okutobala lotseka zosefera, ndi magetsi obwera mwaukali akatha kuthima.

Choopsa n'chakuti makina otere saoneka kuti afa. Amalirabe, kampira kosonyeza kuti mpweya ukuyenda kamayandamabe. Bungwe la WHO limati okosijeni akatsika pansi pa 82 peresenti makina ayenera kuchenjeza, koma kuti munthu atsimikize amafunika kachipangizo koyezera, ndipo ife sitinatumize ngakhale kamodzi. Mayi wokhala pambali pa bedi amaona timachubu m'mphuno mwa mwana wake n'kukhazika mtima pansi, chonsecho mwanayo akupuma mpweya wosasiyana kwenikweni ndi wa pakhonde.

Safunsa anadya phula. Sitinafunse mmisiri aliyense tisanagule. Sitinafunse kuti zitini za zeolite zosinthira zikagulidwa kuti, ndi ndalama za yani. Sitinafunse ngati makina a malita 5 pa mphindi angakwanire munthu wamkulu wa Covid-19, amene nthawi zambiri amafuna oposa pamenepo. Anzathu a ku America ali ndi funso linanso loti azidzifunsa, chifukwa magetsi awo ndi a mavoti 120 pamene a ku Malawi ndi 230. Tinagula chimene chinkaoneka bwino pachithunzi, tinatula katunduyo pamutu pa mnyamata wopanda bajeti, n'kubwerera kuno mitima itayera.

Ndikudziwa zimene anzanga ayankhe. Ati inali ngozi, panalibe nthawi yofunsa. Ndikuvomera, ndipo sindikukana kuti m'miyezi imene makina aja anagwira ntchito pali anthu anapulumuka. Koma ngoziyo inatha kalekale, ndipo ife sitinasinthe. Pamisonkhano yathu mawu oti kontena akangotchulidwa anthu amaombabe m'manja. Kusowa kwa okosijeni sikunabwere ndi Covid-19 ndipo sikunapite nayo. Dziko la Malawi linayamba kuika makina amenewa m'mawodi a ana a zipatala za m'maboma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chifukwa cha chibayo, ndipo chibayo chikadalipo. Mu Febuluwale 2025 akatswiri amene magazini ya Lancet Global Health inasonkhanitsa anapeza kuti anthu oposa 5 biliyoni padziko lapansi alibe okosijeni wachipatala wodalirika, ndipo kum'mwera kwa Sahara odwala pafupifupi 9 mwa 10 ofunika mpweyawu saupeza.

Ena ati kukonza makina ndi ntchito ya boma. Zoona, unduna wa zaumoyo uli ndi nthambi yake yosamalira zipangizo, ndipo tili ndi ufulu woufunsa. Koma munthu wopatsa mnzake mbuzi yopanda chingwe, m'mudzi mopanda khola, asadabwe afisi akadya. Mphatso yobwera popanda zosinthira imawonjezera mtolo kwa anthu olemedwa kale.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuuza inu, amene nthawi imeneyo munali ana? Chifukwa choti chimene chinatisowa ife, inu chili pakhomo panu. Mukuphunzira m'masukulu okhala ndi malabu amene mnyamata uja amangowaona pa YouTube. Ndipo sayansi ya timabowo imeneyi ili pachimake pompano.

Mu Okutobala 2025 mphoto ya Nobel ya chemistry inapita kwa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi chifukwa cha zinthu zotchedwa MOF. Zeolite umamulandira ndi timabowo take monga mmene alili, n'kungosinthamo pang'ono. MOF amachita kumumanga, monga mmene mmisiri amalukira nkhokwe. Tizidutswa ta chitsulo, monga zinc kapena copper, timakhala ngati mfundo, ndipo mamolekyu aatali a carbon amakhala ngati nsungwi zolumikiza mfundozo. Wosankha kutalika kwa nsungwi ndiye amasankha kukula kwa bowo, ndiponso chimene makoma ake azikoka. Robson anayesa ganizoli ku Melbourne mu 1989. Mu 1997 Kitagawa wa ku Japan anasonyeza kuti mpweya ungalowe n'kutuluka m'nkhokwe zoterezi popanda kuzigumula. Mu 1999 Yaghi anatulutsa MOF-5, amene magalamu ake ochepa okha ali ndi makoma okwana bwalo la mpira. Lero mitundu ya MOF imene yapangidwa ili m'zikwi makumimakumi.

Kusunga mpweya m'zinthu zotere kumamveka ngati nthabwala. Silinda yodzaza ndi ufa wa MOF woyenera imatha kusunga mpweya wambiri kuposa silinda yopanda kanthu pa mphamvu yofanana, chifukwa mamolekyu omatirira pakhoma amathithikana kuposa ongouluka m'malere. Mafakitale opanga tizipangizo ta m'mafoni anu amasungira kale mipweya yapoizoni m'masilinda otere. MOF wina wotchedwa CALF-20, wopangidwa ku yunivesite ya Calgary, wayesedwa kugwira carbon dioxide pa fakitale ya simenti ku Canada. Gulu la Yaghi latunga madzi akumwa mu mpweya wa m'chipululu ku Arizona ndi ku Death Valley.

Munthu asakunamizeni kuti MOF ndiye mankhwala a vuto lathu lija. Makina a okosijeni amene ali m'mawodi lero akuyendera zeolite. Mitundu yambiri ya MOF ndi yodula, ndipo ina, kuphatikizapo MOF-5 yemweyo, imaphwasuka ikakumana ndi chinyezi. Chimene ndikufuna muone ndi munthuyo. Omar Yaghi anabadwa mu 1965 ku Amman, ku Jordan, m'banja la othawa kwawo ochokera ku Palestine. Ankagona chipinda chimodzi ndi abale ake ambiri pamodzi ndi ziweto, mopanda magetsi. Madzi ankabwera kwa maola ochepa, mwina kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Anapita ku America ali ndi zaka 15. Atakula n'kukhala ndi labu yakeyake, limodzi mwa mafunso amene anakakamira linali la madzi. Wofufuza amanyamula mafunso a kunyumba kwawo. Inu muli ndi funso limene anzanu a m'kalasi alibe: mwala wogwira nayitrojeni umene sungafe msanga m'wodi ya ku Mangochi mwezi wa Febuluwale, magetsi akuthima katatu patsiku.

Funso limeneli silili patsogolo pamzere, chifukwa ndalama za kafukufuku zimatsata nkhawa za olemera. Ku Iceland, kampani ya Climeworks inatsegula mu 2024 fakitale yotchedwa Mammoth, yokonzedwa kuti izikoka matani 36,000 a carbon dioxide pachaka kuchokera mumlengalenga, pogwiritsa ntchito zosefera zomata mpweyawo. Sindikuinyoza ntchitoyo. Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 ku Malawi mu Malichi 2023, ndipo nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi yathunso. Koma kamkanda kopirira chinyezi kopulumutsa khanda la mayi wosauka kalibe khamu la anthu a ndalama okathamangira. Ngati ana a mayi ameneyo, kapena adzukulu a mudzi wake, sakafuna, adzakafuna ndani?

Pali bodza lina limene ndalimva pakamwa pa achinyamata enieni, loti sayansi yotereyi ndi ya maiko olemera, kwathu n'kongolandira. Ku CSIR ku Pretoria, ofufuza apanga MOF wosungira hydrogen kuchokera ku mabotolo apulasitiki otayidwa, chifukwa nsungwi ija ya mu MOF-5, terephthalic acid, ndi yomwenso amapangira mabotolo a zakumwa. Ku University of the Western Cape apanga zeolite kuchokera ku phulusa la malasha a m'nyumba zopangira magetsi. Ku Lilongwe, gulu la OpenO2 lakhala likuyenda m'zipatala kudzutsa makina a okosijeni amene anthu anawataya, mpaka kutsegula zitini zija n'kuthiramo zeolite watsopano. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anakulira pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mogwirizana ndi Rice University. Ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre akuphunzitsa mainjiniya a zipangizo zachipatala. Anthu akugwira ntchito. Ife ndi amene sitinawafunefune.

Inu a ku Harare ndi ku Bulawayo, nkhaniyi ikukukhudzani mwanjira inanso. Zeolite wabwino kwambiri wa makina a okosijeni ndi wokhala ndi lithium, ndipo Zimbabwe ndi dziko lokumba lithium wambiri mu Africa, ku Bikita ndi kwina. Mu Disembala 2022 boma lakumeneko linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza. Agogo athu anayenda pansi kuchokera ku Nyasaland kukakumba m'migodi ya ku Rhodesia, ena anakwera za Wenela kupita ku Joni. Anafukula miyala, anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Nzeru yosandutsa mwala kukhala chinthu chodula inatsala kwa ena. Mibadwo itatu yadutsa, ndipo mbumba yawo ikuitanitsabe timikanda kuchokera kutsidya la nyanja.

Apa makolo anzanga, mundikhululukire, mlandu wina ndi wathu. Tinauza ana athu kuti ntchito zilipo zinayi: udokotala, unamwino, uloya ndi kuwerengera ndalama. Ine ndemwe mwana wanga atanena kuti akufuna kutenga chemistry pa A-level ndi kupitiriza nayo, ndinamufunsa kuti adzadya chiyani. Ndikumvetsa kumene mantha amenewa anachokera. Tinafika kuno ndi masutikesi awiri, tinasambitsa okalamba a eni dziko, ndipo tinalumbira kuti ana athu adzakhala ndi ntchito yosatha. Koma dokotala amene timanyadira naye uja, akaima m'wodi yopanda okosijeni, amangokhala mboni ya imfa. Kuseri kwake kumafunika munthu wodziwa mwala, wodziwa kompuresa, wodziwa magetsi. Munthu ameneyo sitimuimbira nthungululu paukwati, komatu moyo wa khanda uli m'manja mwake.

Achinyamata, sindikukutumani kuti mukakhale apulumutsi. Mnyamata wa m'kachipinda uja amadziwa za makinawa kuposa aphunzitsi anu ambiri, chifukwa wawatsegula ndi manja ake nthawi zosawerengeka. Mukapita ndi mtima woti mukamuphunzitse, mudzabwereza tchimo lathu lomwe lija, kungoti ndi Chingerezi chabwinoko. Chimene alibe ndi zipangizo zoyezera, mwayi wowerenga kafukufuku wotsekeredwa kuseri kwa malipiro, ndi mnzake wa mu labu amene angamutumizire timikanda takufa n'kumuuza chimene chinachitika m'timabowo. Mnzake ameneyo mungakhale inu. Amene muli pa chemistry, chemical engineering kapena sayansi ya zipangizo, ikafika nthawi yosankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, pitani kwa mphunzitsi wanu ndi funso la chinyezi lija. Lemberani aphunzitsi a ku MUST kapena ku MUBAS, mufunse chimene akuchita ndi chimene chikuwasowa. Amene muli pa zamalamulo, zachuma kapena zamakompyuta, pakufunikanso wolemba mgwirizano wokakamiza wogulitsa kupereka zosinthira kwa zaka zisanu, ndi wopanga kaundula wosonyeza makina ali kuti ndipo anayezedwa liti.

Ndipo pali ntchito ina imene nonse mungayambe mwezi uno, ngakhale amene masamu munathawa. Pamsonkhano wotsatira wa gulu la kwanu, ankolo ena akadzaimirira n'kunena kuti tisonkhe titumize makina, mudzakweze dzanja. Ndikudziwa kuti tinakuphunzitsani kuti mwana sadula mawu akulu. Dikirani amalize, muwapatse ulemu wawo wonse, kenako mufunse. Kodi mmisiri wa pachipatalapo walankhulidwa, ndipo wati akufuna chiyani? Kodi m'bokosimo muli zitini za zeolite zosinthira, zosefera fumbi, kachipangizo koyezera okosijeni ndi choteteza ku magetsi aukali? Kodi makina amene ali kale kumeneko, ofuna kungodzutsidwa, ndi angati? Kodi chaka chamawa adzapita ndani kukayeza? Ena adzakwiya, adzati ana obadwira kunja alibe mwambo. Alekeni akwiye. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mliri wina ukadzabwera sitidzakhalanso ndi chowiringula choti sitinkadziwa.

Gulu lathu lija ndalipempha kuti msonkhemsonkhe wa chaka chino usagule makina atsopano. Ugule zeolite, zosefera ndi choyezera chimodzi, ndipo ulipire ulendo wa amisiri okadzutsa makina anayi aja. Anzanga ena akunyinyirika, akuti anthu sasonkhera chinthu chosaoneka, ndipo chithunzi cha chidebe cha timikanda sichingayende pa Facebook. Mwina akunena zoona. Tikumana Loweruka loyamba la mwezi wamawa, ndipo ndikufuna ena a inu mudzakhalepo pamene tizidzavota.